Mapepala Okulungira Mchere

"Amayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

Amayi sanadzutse n'komwe mutu. Anali atakhala pakhonde, thumba la mapepala lili pakati pa miyendo, mpeni uli m'manja. Ankadula mulu pakati, n'kuusanjikiza, n'kuudulanso pakati, monga ankachitira akaweruka kumsika.

"Ndikufunsa inu, amayi. Mwalitenga kuti?"

"Kodi wasanduka wapolisi? Ndagula. Chotsa phazi apo, ukundipondera katundu."

Mwana wawo wachisamba, mtsikana amene azimayi a pamsika ankamutcha Adokotala pomuseka, anaima pakhomo ali ndi kapepala kamene kanakulungidwira sopo wa m'nyumba. Kanali konyowa mbali imodzi, koma chithunzi chinkaoneka bwinobwino: theka la mtima wa munthu, timivi tikuloza mitsempha, ndi mizere ya Chingerezi yoduka pakati.

"Awa ndi mafunso aja, amayi. Okonzekera mayeso olowera kusukulu ya udokotala. Aja ndakhala ndikusaka."

"Usandipusitse iwe. Aja ndi mabuku. Izi ndi zinyalala."

Mtsikana anagwada n'kupisa manja onse awiri m'thumba. Anatulutsa tizidutswa ta impso, ta diso, ta masamu. Atafika pansi anakoka mabuku angapo osadulidwa, opanda zikuto, oyera ngati sanagwiridwepo ndi dzanja la munthu.

"Mwayamba liti kukulungira zimenezi?"

Amayi anaika mpeni pansi. Thumba limenelo linali lachiwiri. Loyamba linatha kale. Linapita m'makomo mwa anthu ndi mchere, nyemba, tsabola ndi sopo wodula.

"Ine mapazi kutupa!" mtsikana anakuwa. "Kusukulu ndapitako mpaka alonda atopa nane. Ahedi akuti mabuku sanabwere. Aphunzitsi a sayansi akuti amene akufuna mafunso apite kunyumba kwawo akalipire. Ndagwadira azakhali kuti mwana wawo andibwerekeko ake, andibweza ngati wopempha machesi. Nthawi yonseyi inu mukukulungira mchere!"

"Usandikwezere mawu! Ndinapita kusukulu ine? Ndikagwira pepala ndimaona ngati lingasunge mchere osabooka, basi. Iwe wa maso owerengawe unali kuti? Ukanabwera kudzandithandiza kugulitsa, bwenzi utawaona kalekale. Koma ayi, Adokotala sagwira nyemba."

"Munandiletsa nokha! Munati ndizikhala pakhomo ndiziwerenga!"

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake amayi anapsa mtima kwambiri.

Bambo anatulukira kuseri kwa nyumba, utuchi uli tsitsi lonse, pensulo ili kukhutu. Anali kalipentala, munthu wa mawu ochepa.

"Phokoso la chiyani pano? Anthu akumva."

"Amve! Funsani amene ananyamula thumba ili panjinga kuchokera kusukulu."

"Ndine. Si munandituma nokha, amake mwana?"

"Ndiye simunaone? Inu simuja mumawerenga manyuzi?"

"Thumba linali lomanga. Ndikanalimasula bwenzi mukuti ndataya mapepala anu panjira."

Mapepalawo amayi anawagula kwa wosunga chipinda cha katundu kusukulu, amene aliyense ankamutcha Amakiyi. Tsiku limenelo ananenerera mpaka mkuluyo anatuluka thukuta, ndipo anabwera kunyumba akudzitama kuti sanagulepo mapepala olimba chonchi motchipa.

Mtsikana anali akutembenuza buku limodzi. Anafika kumapeto, n'kuyendetsa chala pamsana pake pamene panatsala timano ta mapepala.

"Mayankho mulibe. Anathothola pamodzi ndi chikuto." Anatenga lina, n'kutenganso lina. "Onse. Munthu anakhala pansi n'kuthothola dala. Ndipo taonani apa, pansi pa tsamba lililonse alemba kuti aperekedwa kwaulere kwa ana asukulu, osagulitsa. Mtima uwu ndi womwewo ndinauona pa mapepala a fotokope a mwana wa azakhali. Womwewo ndithu."

Amayi sanaphunzire, koma malonda ankawadziwa. Munthu akafuna kugulitsa madzi amayamba watseka mpopi.

"Ndiye kuti mabuku anabwera," anatero pang'onopang'ono. "Mphunzitsi uja anasungako lake lamayankho. Ena onse anawang'amba kuti mwana asawapeze, n'kutigulitsa ife mbuli kuti tiwamalize ndi mpeni. Andigwiritsa ntchito ine. Dzanja langa lomwe lino."

"Tsitsani mawu, amake mwana," bambo anatero. "Madesiki onse a pasukulu paja ndimakonza ndine. Mukakayatsa moto kumene kuja, upsereza nyumba ino."

"Madesiki! Mwana akulira mabuku, inu mukulira madesiki!"

"Madesiki omwewo ndi amene amuphunzitsa mpaka apa."

"Ndi mchere wanga ayi?"

M'mawa mwake amayi sanayale malonda. Anamanga thumba, n'kuliika pamutu, ulendo wa kusukulu. Amakiyi atawaona akulowa pageti anakhotera kuseri kwa zimbudzi.

Ofesi ya ahedi inali yozizira. Fani inkazungulira kudenga, zikho zamasewera zili ndandanda m'kabati yagalasi. Amayi anaizindikira tebulo yaikulu ija: mwendo wake wakumanzere anauika ndi amuna awo. Anatula thumba pamwamba pake penipeni.

"Mayi athu, mayi athu, pansi apo pali malo," anatero ahedi, akukoka kapu yawo ya tiyi.

"Pansi ndi pa zinyalala. Izi si zinyalala."

Ahedi anasuzumira m'thumba. Nkhope yawo sinasinthe, koma anatuma mlembi kuti akaitane aphunzitsi a sayansi. Aphunzitsiwo anabwera atavala taye, choko chili m'zala, akununkhira mafuta okwera mtengo.

"Awa ndi mapepala akale, mayi," anatero aphunzitsiwo atangoona. "Maphunziro anasintha. Sitingasunge chilichonse, chipinda n'chaching'ono."

"Akale?"

"Akale kwambiri."

"Ndiye bwanji akale omwewa mukuwagulitsa kunyumba kwanu? Kapena akalowa m'makina a fotokope amatuluka ali atsopano? Mundiuze makinawo ali kuti, ndikalowemo inenso."

Mlembi anatsokomola pakhomo pobisa kuseka. Ahedi anadzuka n'kutseka chitseko.

"Mayi, tisakokane. Mwana wanu timamudziwa, ndi wanzeru, ndi ulemu wa sukulu ino. Pachitika kusamvana pang'ono ndi Amakiyi, tikonza tokha. Inu tisiyireni thumbali. Mwana azipita ku maphunziro a aphunzitsiwa osalipira kanthu. Alandira buku lathunthu, mayankho ali momwemo, lero lomwe lino. Nkhani ithere m'chipinda muno."

Buku lathunthu. Lero lomwe. Koma moyo wawo wonse amayi sanavomerepo mtengo woyamba. Wogulitsa akafulumira kutsitsa, ndiye kuti pansi pakadali patali.

"Onjezani."

"Pepani?"

"Ndati onjezani. Ana oitanidwa ku mayeso amenewa si wanga yekha. Alipo wa mayi wa tomato, alipo wa atelala, alipo mwana wamasiye uja amagulitsa makala ndi agogo ake. Mabukuwa anatumizidwira onsewo. Onse alandire, mayankho ali momwemo, ndiye thumba litsala."

Aphunzitsi a sayansi anayang'ana kudenga. Ahedi anamwetulira.

"Mayi, pano si pamsika."

"Pamene pagulitsidwa katundu ndi pamsika. Mwayamba ndinu."

"Ndanena zimene ndingathe."

Amayi anadzuka. Anamanga thumba mosafulumira, n'kulisenza, n'kutsegula chitseko. Kuyenda kumeneku ankakudziwa kuposa wina aliyense. Unali ukatswiri wawo. Kwa ogulitsa nyemba pa lole, kwa amwenye a sopo, kwa aliyense wouma mutu, ankangotembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, msana uli chilili, khutu limodzi litatsalira m'mbuyo. Asanapite patali ankamva, "Bwererani mayi, tiyeni tikambirane." Sizinalepherekepo.

Anadutsa pa tebulo la mlembi. Zii. Anatsika masitepe ngati wodwala bondo. Zii. Pakati pa bwalo anaima n'kukonza nkhata imene inali bwinobwino. Pageti anatula thumba, n'kumasula nsalu, n'kuimanganso. Anayang'ana m'mbuyo ndi ngodya ya diso. Chitseko cha ofesi chinali chotseka. Belu linalira, ana anatuluka m'makalasi akuthamanga, ndipo panalibe amene anaitana.

Kunyumba anafotokoza zonse ali chiimire, mokweza, ngati munthu amene wapambana. Mtsikana anamvetsera mpaka pa mawu akuti buku lathunthu.

"Anati andipatsa? Ndi mayankho omwe?"

"Anatero."

"Ndiye lili kuti?"

"Ndimanenerera, mwana iwe. Sutenga mtengo woyamba."

"Mwakana."

"Sindinakane. Ndachoka kuti andiitane."

"Ndiye akuitanani?"

Amayi anayamba kumasula thumba.

"Akuitanani, amayi?"

"Aitana. Mawa, mkuja. Anthu aja ali ndi mantha."

"Amayi, ine si thumba la nyemba!" anatero mtsikana. "Mayeso ali pafupi. Anzanga akuyeseza, akulakwa, akukonza. Ine ndikhale ndi mafunso opanda mayankho, ndidziwe bwanji kuti ndakhoza? Munali nalo m'manja, mwalitaya chifukwa cha mwana wa mayi wa tomato. Mayi wa tomato anayamba wakupatsani chiyani inu?"

"Ukufuna ukakhale m'nyumba ya mbava, uzikati zikomo aphunzitsi?"

"Eya! Ndikanati zikomo, ndikanagwada, ndikanasesa ndi pabwalo pomwe! Mkwiyo wanuwo sukalowa m'chipinda cha mayeso. Ndikalowamo ndine, ndekha."

Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Amayi anatsala akukalipira chitsekocho, kuti mwana wopanda mwambo, kuti anamubereka okha popanda dokotala, kuti ayesere kumenyetsanso aone. Koma mawu awo omwe ankawamva kuti alibe mchere.

Sanaitanidwe mawa, sanaitanidwe mkuja. Amene anaitanidwa anali bambo. Anapita ndi bokosi lawo la zida monga mwa masiku onse, ndipo anabwerera dzuwa lisanakwere, bokosi lili chimangire panjinga. Analitsitsa, n'kuliika pakona, n'kukhala pa benchi.

"Mwabwerera bwanji?" amayi anafunsa, ngakhale ankadziwa.

"Akuti apeza kalipentala wina. Wotchipa."

"Abodza."

"Inde ndi abodza. Nanga tidya bodzalo?"

Amayi akanakonda bambo atawatukwana. Kukangana ankakutha, koma munthu wongokhala chete pabenchi akuyang'ana manja ake sankadziwa pomugwira.

Tsiku lotsatira anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anasenzanso thumba lija n'kubwerera kwa wogulitsa asanaitanidwe. Panjira ankayeseza mawu: ndaganiza bwino ahedi, thumba ndi ili, mwana wanga yekha basi. Mawuwo ankawawa kukhosi ngati mankhwala a malungo.

Pageti anapeza Amakiyi ataima ndi mlonda.

"Ahedi ali pamsonkhano, mayi."

"Ndidikira."

"Msonkhano wake ndi wautali. Akuti mukabwera tikuuzeni kuti za mapepala sakuzidziwa. Akuti mwina munatola kudzala."

"Kudzala? Si unandigulitsa ndiwe, chimunthu chopanda manyazi iwe? Si iwe unkalira kuti ndikukupha ndi mtengo?"

"Ine sindikukumbukani, mayi."

Pawindo la ofesi amayi ankawaona ahedi bwinobwino, ali okhaokha, akuviika bisiketi mu tiyi. Anatukwana mpaka agalu a nyumba zoyandikana anayamba kuuwa. Geti silinatseguke.

Anafika kumsika thumba lili pamutu, maso ali psuu. Anadutsa benchi lawo osaima n'kukafika kwa mayi wa tomato. Mayiyo anali akukulungira kasitomala anyezi. Amayi anagwira dzanja lake.

"Siya pepalalo."

"Aaa, mwadzuka bwanji kodi? Mwayamba kulanda ndi mapepala omwe?"

"Unagula kwa Amakiyi?"

"Tonse tinagula. Si munatiuza ndinu kuti akutchipa?"

Amayi anatseka maso. Analidi iwo.

"Tayang'ana chili apo. Ndi chiyani icho?"

"Kaya, ngati nyemba."

"Ndi impso, chitsiru iwe. Ndi mafunso a mayeso amene mwana wako akukalemba. Ukukulungira anyezi udokotala wa mwana wako."

Mayi wa tomato anayang'ana pepala, n'kuyang'ana kasitomala, n'kukhuthulira anyezi m'manja mwa kasitomalayo.

"Ikani m'thumba la malaya, achimwene. Pepala latha."

Mpaka masana amayi anayenda benchi ndi benchi. Kwa wa nsomba zouma, kwa wa mtedza, kwa agogo a makala amene ankayatsira mbaula masamu. Ena anapereka msanga. Ena anafuna kusinthanitsa, ndipo amayi anawapatsa manyuzi akale ndi mapepala a simenti, uku akuwanena kuti dyera lidzawapha. Wa nsomba anakana kaye, akuti mwana wake alibe nazo ntchito za udokotala.

"Ukadzadwala udzapita kwa ndani? Kwa nsomba zakozo? Bweretsa kuno."

Anabweretsa, zikununkha.

Pakhomo anakhuthula zonse pabalaza. Unali mulu wofika m'mawondo: tizidutswa ta mafuta, ta mwaye, todontha madzi a tomato, ndi mabuku angapo amene mpeni unali usanawapeze, koma onse operewera masamba apa ndi apo. Mtsikana anatuluka kuchipinda n'kuima manja ali m'chiuno.

"Ndiye nditani nazo?"

"Chosowa m'buku ili chili m'mulu umu. Iwe uli ndi maso, ine ndili ndi manja. Khala pansi."

"Mayankho mulibe, amayi."

"Ndamva! Wandiuza, wandiuzanso, ndipo ukagona umanena kutulo. Mayankho ndalephera. Ndinalakwa kuyenda. Tsopano ukufuna ndidzipachike? Khala pansi tiyambe ndi zimene zilipo."

Aka kanali koyamba mtsikana kumva amayi ake akunena kuti alakwa, ngakhale ananena ngati akutukwana. Anakhala pansi.

Mtsikana ankasankha, amayi n'kumagwirizira. Theka la mtima linapeza linzake kuchokera kwa wa mtedza. Diso linakwanira ndi kachidutswa konunkha nsomba. Amayi anayesa kumata ndi phala la ufa, mapepala n'kumakwinyika. Bambo anayang'ana kwa kanthawi ali pabenchi lawo, kenaka anadzuka, n'kutsegula bokosi lija, n'kubwera ndi chitini cha guluu wa matabwa ndi kaburashi.

"Mukuwononga. Pakani pang'ono, m'mphepete mokha. Sunthani uko."

"Mwayamba kulankhula?"

"Ndikulankhula ndi mapepala."

M'nyumba munalibe malo oyanikira, ndiye amayi anamanga chingwe pamwamba pa benchi lawo kumsika n'kupachika masamba omatawo ndi zopanira zovala. Ankapepeluka pamwamba pa mchere ngati matewera. Mwana wa mayi wa tomato anabwera ndi kope n'kuyamba kukopera ali chiimire. Anabweranso wa atelala, ndi mtsikana wa makala manja ali bii. Adokotala nawonso anayamba kubwera kumsika. Ankakhala onse pa makatoni kuseri kwa benchi, n'kumakangana. Uyu akuti yankho ndi ili, uyo akuti ayi ndi ilo, popanda wowalamula. Tsiku lina anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha funso la magazi.

"Ndiye wakhoza ndani?" amayi anafunsa.

"Sitikudziwa, amayi. Ndi zimene ndinkakuuzani zija."

Mkwiyo wonse amayi anautsanulira pa makasitomala. Aliyense wofunsa kuti mapepalawa ndi a chiyani ankamva nkhani yonse, kuyambira pa Amakiyi mpaka pa bisiketi, kaya wabwera kudzagula mchere wa kasupuni kamodzi.

Mayeso atayandikira, kunatulukira azakhali a mtsikana, mlongo wawo wa bambo. Anali ndi golosale m'tauni, ndipo pamsika ankayenda atakweza m'munsi mwa diresi kuopa matope. Chibwezereni mwana uja, iwo ndi amayi ankangopatsana moni wa pamphuno.

"Alamu, mwatsegula sukulu?" anatero akuseka. "Ndipatseni nyemba."

"Mwabwera ndi mbale? Mapepala kulibe."

"Nanga awa?"

"Awa si a nyemba."

Azakhali anakweza maso. Tsamba la mtima lija linali pamphuno pawo penipeni, mzere wa guluu ukudutsa pakati. Kuseka kunatha.

"Ichi mwachitenga kuti? Chithunzi ichi chili pakhoma kuchipinda kwa mwana wanga. Mwana wanu anaba?"

"Samalani pakamwa, alamu. Inu mumatha kuwerenga. Werengani pansipo, timalemba tating'onoto."

Azakhali anatulutsa magalasi m'chikwama. Anawerenga milomo ikugwedera. Anagwira tsamba lina, n'kuwerenganso pansi pake.

"Kwaulere?"

"Kwaulere. Anatumizira mwana aliyense, wanu yemwe. Pa fotokope yanuyo mzere umenewo ulipo?"

"Palibe."

"Anauphimba. Inu mwakhala mukugula katundu wanu yemwe, mwezi ndi mwezi, n'kumathokoza. Ine anandipusitsa chifukwa sindidziwa kuwerenga. Nanga inu, a magalasi?"

Azakhali anachoka osagula nyemba, osatsanzika, ndipo diresi anaiwala kukweza.

Anabweranso dzuwa litapendeka, akupuma mwawefuwefu, atakumbatira chimulu cha mapepala a fotokope. Anachimenyetsa pabenchi mpaka mchere unadumpha.

"Ndachokera kwa mphunzitsi uja. Ndamuuza mawu pamaso pa mkazi wake ndi makolo ena. Akuti ndikadandaule kumene ndikufuna. Galu! Awa ndi onse, mayankho ali kumapeto. Musaganize kuti ndikuchitira inu, alamu. Ndikufuna aliyense akopere mpaka munthu uja asowe womugula."

Kuseri kwa benchi ana anali ataimirira. Mtsikana anatambasula dzanja, koma amayi anali ataika kale chikhatho pamwamba pa mulu.

"Mpaka liti?"

"Mawa madzulo ndidzatenga. Mwana wanganso akuwerenga."

"Mawa? Mulu wonsewu? Mpaka tsiku la mayeso."

"Alamu!"

"Mwana wanuyo abwere azidzawerengera pano. Makatoni alipo."

"Mwana wanga akhale pa katoni pamsika? Ndabwera ndi mtima wabwino, inu mukundinenerera ngati ndikugulitsa kabichi? Basi, zisiyeni."

Azakhali anasolola mapepala pansi pa chikhatho cha amayi, n'kuwakumbatira, n'kutembenuka. Anayamba kuchoka pang'onopang'ono, msana uli chilili. Amayi anakuzindikira kuyenda kumeneko. Akanangokhala chete, mwina azakhali akanabwerera okha asanafike kwa wa nsomba. Mwina. Koma amayi anamva mpweya wa mwana wawo pakhosi, ndipo anakumbukira bwalo la sukulu ndi chitseko chotseka chija.

"Bwererani, alamu!"

Msika wonse unatembenuka. Mayi wa tomato anagwira pakamwa.

"Bwererani. Mawa lomwelo. Ndavomera."

Azakhali anabwerera n'kutula mapepala.

"Ndipo asanunkhe nsomba."

"Sanunkha. Tengani nyemba izi, ikani m'chikwama chanu chokongolacho."

Ana anagawana masamba a mayankho, aliyense n'kumakopera gawo lake mothamanga kuti adzasinthane. Za kusukulu sizinasinthe. Ahedi anali ahedi, aphunzitsi a sayansi anali ndi taye yawo, ndipo bokosi la zida la bambo linali pakona pomwe paja. Amayi ankadziwa kuti mkwiyo umenewo adzagona nawo nthawi yaitali.

Atayamba kulongedza malonda, anamva mwana wawo akuseka yekha kuseri. Anali atayala kope lake pabondo, akuyerekeza zimene analemba ndi mayankho, cholembera chikungodula mizere.

"Wakhoza?"

"Ndalakwa, amayi. Funso la magazi lija tinalakwa tonse."

"Walakwa zambiri?"

"Zambiri."

"Ndiye ukuseka chiyani, wapenga?"

"Ndalakwira pano, pa katoni. Sindikalakwiranso uko kumayeso."

Amayi anamuyang'ana, n'kupukusa mutu. Kasitomala womaliza anafika akufuna mchere. Amayi anapisa dzanja pansi pa benchi n'kutulutsa chipepala chakale cha zilembo zambirimbiri. Anatsala pang'ono kuching'amba, kenaka anachitukula m'mwamba.

"Adokotala! Taona kaye ili. Ndi la mtima kapena la mchere?"